Bokosi Ladzaza

Magetsi abwera folo koloko m'mawa,
ine ndili kale pa mpando wapulasitiki
m'kaofesi ka kopaletivi kuseri kwa msika wa Kapata,
kudikira kompyuta itsokomole, iyasamule, idzuke.

Mazana atatu ndi makumi anayi.
Onse alowa usiku ine ndili mtulo,
popanda ndi mmodzi yemwe wonena odi.

Uyu akuti ndapambana mamiliyoni
pa mpikisano umene sindinalowe.
Uyu ndi mkazi wamasiye wa nduna ya dziko lakutali,
akulira, akupempha nambala ya akaunti yanga
kuti asungizeko golide wa malemu.
Mayi, mu akauntimo muli makwacha khumi ndi awiri,
golide wanuyo akagona pati?
Winanso akutsatsa mankhwala ophwetsa mimba
kwa ine, Yotamu Ziwa,
amene lamba ndaboola kachitatu chaka chino.

Fufuta. Fufuta. Fufuta.
Chala chachita dzanzi.
Bandulo ya mlungu wonse yatha Lachiwiri,
yadyedwa ndi alendo amene sindinawaitane.

Atate anakalambira ku positi.
Ankati kalata imalemera ndi sitampa:
munthu asananyambite kapepala kaja
amayamba wadzifunsa ngati alidi ndi mawu.
Awa alero satulutsa ngakhale ngwee.
Makina akulembera makina,
kalata imodzi kuswa zikwi usiku umodzi
ngati nsikidzi m'mphasa ya mbeta.

Gelesomu wokonza netiweki anabwera pa njinga,
thukuta kamukamu, nati:
"Achimwene, munaonapo Lunkhwakwa mu Januwale
mapulasitiki atatseka kalavati?
Madzi a mvula, madzi a m'ngalande,
onse amaima pamodzi kudikira mpata.
Seva yanu ndi kalavati ameneyo."
Anaika sefa, nalandira yake, napita.
Sefayo inagwira masiku anayi.
Lachisanu mkazi wamasiye anabweranso
atasintha dzina ndi dziko,
koma misozi inali yomweyo.

Tsiku lililonse dzuwa likafika pa Kanjala
Amayi Tikambenji Shawa amasuzumira pakhomo:
"Wogula nshawa wa ku Lusaka uja, wayankha?"
Matumba mazana awiri ali mu shedi,
alimi makumi atatu akuwerenga masiku a fizi,
makoswe ayamba kale kulandira gawo lawo.
"Sanayankhe, amayi."
Amagwedeza mutu, namanga chitenje, nabwerera.

Foni inalira Lolemba masana.
"Bambo Ziwa, kodi malonda simuwafuna?
Ndakulemberani katatu.
Kawiri kalata yabwerera, akuti bokosi ladzaza.
Yachitatu sinabwerere, ndiye ndinati mwaiona.
Thiraki sidikira. Tadzazira ku Katete."

Ndinaipeza madzulo
m'dzala mmene sefa imataya zinyalala,
itagona pakati pa golide wa malemu
ndi mankhwala ophwetsa mimba.
Mizere inayi yokha.
Mtengo wabwino, tsiku, nambala ya dalaivala,
ndi "moni kwa Amayi Shawa."

Sefa inameza njere, mankhusu n'kudutsa.

Amayi Shawa sanakalipe.
Anakhala pa thumba lopanda kanthu
nayang'ana kompyuta nthawi yaitali
monga mmene umayang'anira galu wako
ukamupeza ndi nthenga kukamwa.
Kenaka anati, "Atate ako akanabwera nayo pamanja."

Tsopano sindifufutanso mothamanga.
Ndimatsegula iliyonse, imodziimodzi,
ngati wosankha nshawa zofumbwa pa mkeka,
maso akuwawa, bandulo ikusungunuka,
magetsi akuwerenga mphindi zawo.
Lero zafika mazana anayi ndi zisanu.

Yoyamba pamwamba ndi ya mkazi wamasiye.
Akunditcha wokondedwa.
Akuti wadabwa kuti sindiyankha.
Pa anthu onse ondilembera pa dziko lino
ndi iye yekha
amene kalata yake sinasocherepo.